Akati vairasi yalowa pa webusaiti ya asilikali, chachitika n'chani kwenikweni?

Nkhani ngati imeneyi ikangotuluka, pofika m'magulupu a WhatsApp imakhala itanenepa kale. Wina akuti ma hacker agwira mizinga ya dziko lakutilakuti, wina akuti ndege zankhondo ziziwulutsidwa ndi adani tsopano, ena mpaka kuyamba kutumizirana mapemphero kuti nkhondo yachitatu ndi imeneyi. Manthawo ndimawamvetsa, nane ndikaona mutu wa nkhani wotere mtima umagunda. Koma vuto lake ndi loti mawu amodzi oti vairasi tikumawaika pa zinthu zosiyana kutalitali, zina ndi zongochititsa manyazi pomwe zina ndi zoopsa zenizeni, ndipo nthawi zambiri zoopsazo si zomwe zimachita phokoso. Ndiye tiyeni tizisiyanitse bwinobwino, chimodzi ndi chimodzi.

Webusaiti ndi geti chabe, si nyumba ya zida

Webusaiti ya asilikali, ija aliyense angatsegule pa foni yake, ndi malo olengezera basi. Pamakhala zithunzi za akuluakulu, nkhani za perete, mafomu ofunsira ntchito, manambala a foni a kuofesi. Mapulani a nkhondo sakhala pamenepo. Asilikali a America mwachitsanzo ali ndi manetiweki awoawo osiyana, NIPRNet ndi ya ntchito za tsiku ndi tsiku, SIPRNet ndi ya zinsinsi, JWICS ndi ya zinsinsi zikuluzikulu, ndipo awiri omalizawa anawapatula dala ku intaneti yomwe inu ndi ine timaigulira bandulo.

Taganizirani chikwangwani cha pa geti la kampu ya asilikali. Munthu atabwera usiku n'kulembapo zotukwana ndi penti, kukacha tauni yonse ikamba zimenezo, alonda ayankha mafunso ovuta, koma mfuti zomwe zili m'nyumba ya zida sizinakhudzidwe olo imodzi. Ndi zomwe zinachitika mu Juni 2015 pomwe gulu lodzitcha Syrian Electronic Army linaika mauthenga ake pa webusaiti ya army.mil mpaka asilikali a America anayamba aitseka kaye. Mu Januwale chaka chomwecho anthu ena odzitcha CyberCaliphate analanda ma akaunti a Twitter ndi YouTube a nthambi ya Central Command kwa kanthawi kochepa, ndipo asilikaliwo anati manetiweki awo a zinsinsi sanakhudzidwe.

Sindikunena kuti ndi zazing'ono ayi. Uthenga wabodza utaikidwa pa tsamba lenileni la asilikali pa nthawi ya mkangano anthu atha kuukhulupirira, komanso nthawi zina geti likasweka wakuba amapezerapo mapasiwedi omwe anthu ena amawagwiritsanso ntchito kwina. Pentagon yomwe, likulu la asilikali a America, imadziwa kuti mageti ake ali ndi mabowo, mu 2016 inaitana ma hacker odalirika kuti afufuze mawebusaiti ake ena pa ndondomeko ya Hack the Pentagon ndipo anapeza mabowo enieni 138, n'kulipidwa chifukwa chowaulula.

Vairasi ndi worm, kusiyana kwake

Vairasi ndi kapulogalamu komwe kamadzimata pa fayilo ina kapena pa pulogalamu ina, ndiye kuti sikayenda kokha, kamadikira munthu atsegule fayiloyo kapena aitengere pa kompyuta ina. Ali ngati anankafumbwe, omwe nthawi zambiri amalowa m'nkhokwe mwanu mukabweretsa thumba lomwe alimo kale. Imodzi mwa mavairasi oyambirira pa makompyuta wamba inali Brain ya 1986, yomwe analemba anyamata awiri apachibale, Basit ndi Amjad Farooq Alvi a ku Lahore ku Pakistan, ndipo inkayenda kudzera pa ma diski akale aja otchedwa floppy.

Worm ndi nkhani ina. Iyo siidikira munthu, imadzifunira yokha makompyuta ena pa netiweki, ikapeza bowo imalowa n'kuyambanso kufuna ena kuchokera pamenepo. Ngati ntchemberezandonda, lero zili m'munda mwa aneba mawa zadzadza mwanu popanda wozinyamula. Yoyamba kutchuka inali ya Robert Tappan Morris, wophunzira wa pa yunivesite ya Cornell, yemwe anaitulutsa pa 2 Novembala 1988. Akuti inagwira makompyuta pafupifupi 6,000 pa nthawi yomwe intaneti yonse inali ndi makompyuta ngati 60,000, ambiri a mayunivesite ndi malo ofufuza za asilikali. Musaiwale kuti intaneti yeniyeniyo inamera kuchokera ku ARPANET ya 1969 yomwe ndalama zake zinkachokera ku unduna wa chitetezo wa America, ndiye asilikali ndi mavuto amenewa anakulira limodzi. Morris anali munthu woyamba kupezeka wolakwa pansi pa lamulo la America la 1986 lokhudza kuwononga makompyuta, ndipo chifukwa cha mpungwepungwe umenewu boma linakhazikitsa gulu la CERT pa yunivesite ya Carnegie Mellon kuti lizithamangira ngozi zotere.

Palinso zija zimabwera ngati nyambo pa mbedza. Mu Meyi 2000 imelo ya mutu woti ILOVEYOU inachoka ku Philippines n'kuzungulira dziko lonse m'masiku ochepa, aliyense wotsegula kakalata kachikondi kaja kanadzitumiza kokha kwa anthu onse a mu bukhu lake la maadiresi. Pentagon ndi nyumba ya malamulo ya Britain anachita kuzimitsa maimelo awo kuti athane nayo. Woganiziridwayo sanaweruzidwe chifukwa dziko la Philippines linalibe lamulo loletsa zimenezi panthawiyo, lamulolo analipanga pambuyo pake.

Koma nkhani yomwe imayankha bwino funso lathu ndi ya Code Red ya mu Julayi 2001. Iyi inali worm yomwe inkasaka ma seva, makompyuta aja amasunga mawebusaiti, makamaka omwe ankagwiritsa ntchito pulogalamu ya Microsoft yotchedwa IIS. Pa 19 Julayi pokha inagwira makompyuta oposa 359,000 m'maola osakwana 14. Pa mawebusaiti ena inkasiya mawu a Chingelezi onena kuti awononga ndi a ku China, ndipo inakonzedwa kuti pa masiku ena a mwezi makompyuta onse ogwidwawo azithira mauthenga pa adiresi imodzi, ya webusaiti ya White House. A White House anangosamutsa webusaitiyo kupita pa adiresi ina, chiwembucho n'kugwera pamalo opanda kanthu. Pentagon nayo inatseka kaye mawebusaiti ake ambiri kuti anthu wamba asawafikire mpaka atawakonza. Ndiye onani, mutu wa nkhani unali woti mawebusaiti a asilikali atsekedwa chifukwa cha vairasi, zomwe zinali zoona, koma anatseka ndi eni ake podziteteza. Dzina loti Code Red analipereka ndi akatswiri a kampani ya eEye Digital Security potengera chakumwa cha Mountain Dew cha dzina lomweli chomwe ankamwa usiku womwe ankaifufuza. Yemwe anailemba sanadziwike mpaka lero, ndipo mawu aja otchula China si umboni, aliyense atha kulemba dzina la mnzake pakhoma.

Bowo ndi chigamba

Pulogalamu iliyonse yaikulu imakhala ndi zolakwika zomwe olemba sanazione, ndipo zina mwa izo zimakhala ngati zenera losatsekeka bwino. Kampani ikalizindikira imatulutsa chigamba, ndi zija foni kapena kompyuta imakuvutitsani kuti muchite update. Chomvetsa chisoni pa Code Red ndi choti Microsoft inali itatulutsa kale chigamba mu Juni, mwezi wathunthu worm isanabwere. Anthu sanachiike basi. Zili ngati udzu wofolera uli pakhomo kuyambira Ogasiti koma mvula ya Novembala n'kukupezani denga likadali lobooka.

Zomwezi zinabwerezeka ndi Conficker. Chigamba chinatuluka mu Okutobala 2008, worm inaoneka mu Novembala, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2009 inali itagwira makompyuta mamiliyoni. Inalowa mu netiweki ya Intramar ya asilikali a pamadzi a France ndipo zinamveka kuti ndege zina zankhondo za Rafale sizinanyamuke chifukwa cholephera kulandira mapulani a ulendo, inalowanso m'makompyuta a unduna wa chitetezo wa Britain kuphatikizapo a m'sitima zina zankhondo, komanso a asilikali a Germany. Microsoft inalonjeza 250,000 dollars kwa yemwe angaulule olemba. Conficker sinapangidwire asilikali, inkangogwira aliyense wosafolera denga.

Mwina mukufunsa kuti nanga asilikali ndi ndalama zonse zija amalepheranji kuika chigamba. Yankho lake ndi loti si zophweka ngati pa foni. Sitima ili pakati pa nyanja miyezi, makina ena anagulidwa zaka makumi awiri zapitazo ndipo amayenda ndi pulogalamu yakale yomwe ukangoisintha china chake chimasiya kugwira, ndiye chigamba chilichonse chimayenera kuyesedwa kaye, nthawi n'kumapita.

Bowo loopsa kwambiri ndi lomwe mwini pulogalamu sakulidziwa n'komwe, akatswiri amati zero-day, kutanthauza kuti palibe olo tsiku limodzi lomwe kampani yakhala nalo lokonzekera. Mabowo amenewa amagulitsidwa pa ndalama zambiri, ndipo maboma nawo amagula. Tibwererako.

Kudzadzitsa mzere, kapena kuti DDoS

Iyi si vairasi kwenikweni ngakhale nkhani zambiri zimaiphatikiza. Taganizirani anthu 10,000 atagwirizana kuti azifulasha nambala ya foni ya kupolisi nthawi imodzi osalekeza. Palibe yemwe walowa mu ofesi, palibe fayilo yabedwa, koma munthu yemwe akufunadi thandizo sangadutse. DDoS ndi zimenezo, makompyuta ambirimbiri amatumiza mapempho pa webusaiti imodzi mpaka seva kutopa. Pomwe vairasi imabwerapo ndi poti makompyuta ofulashawo nthawi zambiri ndi a anthu osalakwa omwe anagwidwa kale osadziwa, amakhala ngati aganyu omwe sakudziwa kuti akulimira ndani. Gulu la makompyuta otere amalitcha botnet.

Dziko lomwe linadzutsa anthu pa nkhani imeneyi ndi Estonia. Kumapeto kwa Epulo 2007 boma linasamutsa chipilala cha msilikali wa nthawi ya Soviet Union kuchoka pakati pa mzinda wa Tallinn, kunabuka zipolowe, ndipo kwa masabata angapo mawebusaiti a nyumba ya malamulo, maunduna, mabanki ndi manyuzipepala anathiridwa mauthenga mpaka kumalephera kutseguka. Akuluakulu ena a Estonia analoza chala Russia, Russia inakana. Chaka chotsatira NATO, mgwirizano wa asilikali wa maiko a ku Ulaya ndi North America, inatsegula malo ake ofufuza za chitetezo cha pa makompyuta ku Tallinn komweko. Pa 15 Febuluwale 2022, kutatsala masiku ochepa kuti asilikali a Russia alowe mu Ukraine, webusaiti ya unduna wa chitetezo wa Ukraine ndi mabanki a PrivatBank ndi Oschadbank anachitidwa zomwezi. America ndi Britain anati ndi nthambi ya ukazitape ya asilikali a Russia yotchedwa GRU, Russia inakananso.

Netiweki yodzipatula, ndi kafulashi kamodzi

Apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitse, chifukwa nkhani yomwe akuluakulu a Pentagon eniake anaitcha kuboola kwakukulu kwa makompyuta a asilikali awo kufika nthawi imeneyo sinadzere pa webusaiti ayi.

Tanena kuti manetiweki a zinsinsi anawapatula ku intaneti. Ali ngati chilumba cha Likoma, palibe msewu wofikako, ndiye mungaganize kuti matenda a kumtunda sangafike. Koma anthu a pachilumba amadya, amalandira katundu, amalandira alendo, ndipo zambiri mwa izo zimabwera pa Ilala kapena pa maboti. Netiweki yodzipatula nayo imafuna mafayilo, mapu, malipoti, ndipo boti lake nthawi zambiri ndi fulashi.

Mu 2008, pa kampu ina ya asilikali a America ku Middle East, munthu wina anabaya fulashi pa laputopu ya ntchito. Munali worm yotchedwa Agent.btz. Inadzikopera pa laputopuyo, kenako pa fulashi iliyonse yomwe inabayidwapo, n'kuwoloka choncho mpaka kufika pa manetiweki a zinsinsi omwe. Inakonzedwa kuti ikapeza mpata izilumikizana ndi makompyuta a kunja. Mu Novembala 2008 asilikali analetsa mafulashi onse, zomwe zinavutitsa kwambiri asilikali omwe anali ku Iraq ndi Afghanistan poti ndi momwe ankasamutsira mafayilo kumalo opanda netiweki yabwino, ndipo ntchito yoyeretsa makompyuta, yomwe anaipatsa dzina loti Buckshot Yankee, inatenga miyezi pafupifupi 14. Boma linaivomera poyera nkhaniyi mu 2010 kudzera mwa William Lynn, yemwe anali wachiwiri kwa nduna ya chitetezo, ndipo iye anati fulashiyo inakonzedwa ndi akazitape a dziko lina. Ambiri amaganizira Russia. Akatswiri ena panthawiyo ankakayika ngati inalunjikadi asilikali kapena inangowagwera monga inagwerera anthu ena. Chomwe sichikayikitsa ndi choti nkhaniyi inafulumizitsa kukhazikitsidwa kwa US Cyber Command, nthambi ya asilikali yoona za nkhondo ya pa makompyuta, yomwe inayamba ntchito mu 2010 ku Fort Meade motsogozedwa ndi General Keith Alexander.

Aliyense amene anapitako pa shopu yosindikiza mapepala ndi fulashi yake n'kubwerako mafayilo onse atasanduka ma shortcut akudziwa kale momwe zimenezi zimayendera. Njira yake ndi yomweyo ndendende, kusiyana ndi mtengo wa zomwe zili mkatimo. Ndipo ine chomwe chimandigwira mtima ndi choti yemwe anabaya fulashi ija mwina sanali kazitape kapena wosasamala, anali munthu wotopa yemwe amangofuna kumaliza ntchito yake.

Mu 2011 kunamvekanso kuti makompyuta a pa kampu ya Creech ku Nevada ku America, komwe amayendetsera ma drone, agwidwa ndi kapulogalamu koipa. Manyuzipepala anati kamalemba chilichonse chomwe oyendetsa akutayipa, asilikali anati kanali kakuba mapasiwedi wamba ndipo sikanakhudze kuwuluka kwa ndege. Mbali ziwiri zimenezo, ndipo ife akunja tinalibe njira yoyezera.

Pomwe pulogalamu inasanduka chida

Kufika 2010 anthu ambiri ankaona ngati vairasi imawononga mafayilo basi. Mu Juni chaka chimenecho kampani yaing'ono ya ku Belarus yotchedwa VirusBlokAda inapeza worm yomwe inadzatchedwa Stuxnet, ndipo akatswiri ataiphwasula anadabwa. Inali ndi ma zero-day anayi, chinthu chodula chomwe wakuba wamba sangawononge pa ntchito imodzi, ndipo pa makompyuta ambiri inkangokhala phee osachita kanthu. Inkafuna chinthu chimodzi chokha, makina a Siemens owongolera ma centrifuge, mapaipi aja amazungulira mwaliwiro kwambiri poyenga uranium, ngati omwe anali pa malo a nyukiliya a Natanz ku Iran. Ikawapeza inkasintha liwiro lawo, pena kukweza pena kutsitsa, mpaka kuwonongeka, uku pa sikirini ya mainjiniya ikuonetsa kuti zonse zili bwino. Zili ngati munthu wamasula mabuleki a minibasi n'kukonzanso geji kuti dalaivala asaone kanthu. Ofufuza ena akuti ma centrifuge pafupifupi 1,000 anachotsedwa ntchito. Natanz nayo inali yodzipatula ku intaneti, ndiye akukhulupirira kuti inalowa kudzera pa fulashi kapena makompyuta a makontilakitala. Mu 2012 nyuzipepala ya New York Times inalemba kuti inali ntchito ya America ndi Israel, koma maboma awiriwo sanavomere poyera.

Vuto la chida chotere ndi loti sichiphulika n'kutha ngati bomba, chimatsala, ena amachitola. Stuxnet yomwe inafalikira kunja kwa Iran, n'chifukwa chake inapezeka. Chitsanzo chowawa kwambiri ndi EternalBlue, njira yolowera mu Windows yomwe akuti inapangidwa ndi bungwe la ukazitape la America lotchedwa NSA. Gulu lodzitcha Shadow Brokers linaitaya poyera mu Epulo 2017, ndipo pa 12 Meyi worm yotchedwa WannaCry inaigwiritsa ntchito kugwira makompyuta oposa 200,000 m'maiko pafupifupi 150, kumakiya mafayilo n'kumafuna dipo. Ku England zipatala za NHS zinaimitsa maulendo a odwala pafupifupi 19,000. Chigamba chinali chitatuluka mu Malichi, nkhani ija ya denga. America ndi Britain anati ndi North Korea, iyo inakana. Patangotha mwezi ndi theka, pa 27 Juni, worm ina yotchedwa NotPetya inalowa kudzera mu update ya pulogalamu ya misonkho ya ku Ukraine yotchedwa M.E.Doc, n'kudumpha malire mpaka kuimitsa kampani ya sitima zonyamula katundu ya Maersk, ndipo chiwonongeko chonse akuchiyerekeza pa 10 biliyoni dollars. Apa chigamba chenichenicho ndi chomwe chinabweretsa matenda, monganso zinachitikira ndi kampani ya mapulogalamu ya SolarWinds mu 2020 pomwe makasitomala ofika 18,000, kuphatikizapo nthambi za boma la America, analandira update yothiridwa poizoni.

Ndipo pa 24 Febuluwale 2022, tsiku lomwe nkhondo yaikulu ya ku Ukraine inayamba, chiwembu china chinapha ma modem, zida zolumikizira intaneti ya setilaiti ya kampani ya Viasat yomwe asilikali a Ukraine ankagwiritsanso ntchito. Ku Germany, kutali ndi nkhondoyo, makina opangira magetsi ndi mphepo okwana 5,800 anasiya kulumikizana ndi owayang'anira.

Kuloza chala

Mwaona kuti pafupifupi nkhani iliyonse ndikumaliza ndi mawu oti uyu anati, uyo anakana. Si kuzemba ayi, ndi momwe zilili. Mzinga ukaponyedwa setilaiti imaona komwe wachokera, koma chiwembu cha pa kompyuta chimadutsa m'maiko asanu pa makompyuta a anthu osadziwa kanthu. Ofufuza amayang'ana kalembedwe ka pulogalamu, chilankhulo chomwe chatsalira mkati, maola omwe anthuwo amagwira ntchito, ma seva omwe anabwereka, monga alenje amawerengera mapazi. Koma wakuba wochenjera amavala nsapato za mnzake. Pa mpikisano wa Olympics wa 2018 ku Pyeongchang, pulogalamu yomwe inasokoneza makompyuta pa mwambo wotsegulira inali ndi zizindikiro zoikidwa dala zoloza ku North Korea, kenako mu 2020 America inatsegulira mlandu asilikali a GRU pa nkhani yomweyo. Maboma amati ali ndi umboni wina wochokera kwa akazitape omwe sangauonetse, ndiye anthu wamba timatsala pa kukhulupirira kapena kusakhulupirira.

Mafunso omwe sanayankhidwe

Loyamba ndi lakuti chiwembu cha pa kompyuta chimasanduka liti nkhondo. NATO inanena mu 2014 ku Wales kuti chiwembu chachikulu chitha kuyambitsa gawo 5 la pangano lawo, lija limati kumenya mmodzi ndi kumenya onse, ndipo mu 2016 ku Warsaw inaika makompyuta ngati bwalo la nkhondo mofanana ndi mtunda, nyanja ndi mlengalenga. Koma sananene mzere wake kuti uli pati, ena amati kusanenako kumaopseza adani, ena amati kumatsegula mpata wa kulakwitsa. Akatswiri a malamulo analemba Tallinn Manual mu 2013 n'kuikulitsa mu 2017 pofotokoza momwe malamulo a nkhondo angagwirire ntchito apa, koma si pangano ndipo silimanga dziko lililonse.

Lina ndi la mabowo aja. Boma likapeza zero-day, liuze kampani kuti itseke n'kuteteza aliyense, kapena lisunge kuti lidzalowerepo kwa adani? Otsutsa kusunga amaloza WannaCry ndi odwala a ku England. Ochirikiza amati popanda zida zimenezi akazitape awo akhala akhungu pomwe anzawo sakusiya.

Palinso funso la malire pakati pa msilikali ndi munthu wamba. Setilaiti imodzi, chingwe chimodzi cha pansi pa nyanja, kampani imodzi yosunga data, zikutumikira asilikali ndi zipatala nthawi imodzi, ndiye womenya anganene bwanji kuti walunjika asilikali okha? Nanga mnyamata yemwe wakhala kuchipinda kwake n'kulowa nawo gulu lothira DDoS pothandiza mbali ina ya nkhondo, malamulo amuone ngati ndani?

Kwa ife kuno funso limabwera mwanjira ina. Sitili pa mkangano wa maiko akuluakuluwa, koma worm siyang'ana mapu, ndipo timagula makompyuta ndi mapulogalamu omwewo. Mu Febuluwale 2024 Pulezidenti wa nthawi imeneyo Lazarus Chakwera anauza nyumba ya malamulo kuti makina osindikizira mapasipoti analowedwa ndi anthu omwe amafuna dipo, ndipo aliyense yemwe ankadikira pasipoti nthawi imeneyo akukumbukira momwe zinawawira. Sanali makina a asilikali, koma chaona mnzako chapita. Malawi ili ndi lamulo la 2016 lokhudza malonda ndi chitetezo cha pa makompyuta, ndipo African Union ili ndi pangano la ku Malabo la 2014 lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2023. Chomwe chikadali chovuta ndi choti dziko lomwe makina ake ofunikira anaikidwa ndipo akusamalidwa ndi makampani akunja, makiyi enieni ali ndi ndani, ndipo akatswiri achinyamata omwe angaphunzire ntchitoyi tidzawasunga bwanji pomwe kunja akuwalipira kangapo kuposa kuno?

Lomaliza likubwera ndi AI. Ena akuti ithandiza oteteza kupeza mabowo msanga kuposa kale, ena akuti ipangitsa kuti munthu wosadziwa zambiri athe kulemba worm kapena imelo yonyenga yopanda cholakwika chilichonse, mu chilankhulo chilichonse, Chichewa chomwe. Mbali yomwe ipindule kwambiri sinadziwike, ndipo akatswiri eniakewo akutsutsana mpaka pano.